Nsapato Yolira ya Ahedi

Nditangoyamba kuphunzitsa Chichewa pasukulu ya sekondale yoyendera kufupi ndi Nsaru, ndinapatsa ana a Fomu 3 chimangirizo cha tsiku limene sadzaliiwala. Pochonga ndinapeza kuti onse anali ndi tsiku limodzimodzi. Aliyense anadzuka m'mawa, anasamba, anapita kwinakwake, anasangalala kwambiri n'kubwerera kunyumba. Amene anakavina kuukwati ku Kabudula ndi amene anakaonera mpira ku Msundwe simukanawasiyanitsa.

M'mawa mwake ndinalemba pabolodi mawu akuti "kwambiri" ndi "zabwino", kenako ndinawakhwatcha.

"Sabata ino mawu awa ali patchuthi," ndinatero.

Mnyamata wina wamtali, mwana wa mkulu wa mpingo, anakweza dzanja. Ameneyu sankalola chinthu kudutsa osachifunsa. "Nanga aphunzitsi, ngati zinthuzo zinalidi zabwino kwambiri, tinene kuti chiyani?"

"Unene zimene maso ako anaona, zimene makutu ako anamva, ndi fungo limene linakulowa m'mphuno. Zoti zinali zabwino tidziwa tokha."

Kuti azolowere, ndinawapatsa masewera. Aliyense alembe za munthu amene tonse timamudziwa, osatchula dzina kapena ntchito yake, ndipo kalasi ilote kuti ndi ndani. Oyambirira analemba za anthu aatali, akuda, okoma mtima, ndipo palibe analota. Kenako mnyamata wamtali uja anawerenga za mayi amene amaingitsa ntchentche ndi kansalu kofiira uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Asanamalize, kalasi yonse inali itatchula mayi wogulitsa zitumbuwa pageti. Pamenepo ana anatseguka mitu, aliyense n'kumalimbirana kuwerenga.

Kumbuyo kunkakhala mtsikana wofatsa wovala mpango woyera kumutu. Bambo ake anali Msilamu wa golosale pamsika wa Nsaru. Mawu ake ndinali ndisanawamve bwinobwino, koma tsiku limenelo anaimirira yekha.

"Munthu uyu amamveka asanaoneke," anayamba kuwerenga. "Nsapato yake ya kumanja imalira ngati kambuzi kotsalira m'khola, inayo imangoti zii. Akafuna kukalipa amayamba wavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi, ndipo pomaliza kupukutako mkwiyo umakhala utazizira. M'thumba la jekete lake mumakhala mtedza wokazinga, ndipo iye amayesa kuti sitidziwa."

Ana anagwa nako kuseka, ena kumenya madesiki. Inenso ndinalephera kudzigwira. Koma kusekako kunazima mwadzidzidzi, kuyambira kwa okhala kuzenera. Nditacheuka ndinaona ahedi ataima panja, manja kumbuyo. Phokoso lathu ndilo linabisa kulira kwa nsapato yawo.

Analowa pang'onopang'ono. Mtsikana uja anazyolika. Ahedi anavula magalasi, n'kugwira tayi, ndiye anadziona zimene akuchita. Anaisiya tayiyo, mapewa awo n'kuyamba kugwedezeka.

"Tawerenganso, mwanawe," anatero.

Anawerenganso ndi mawu apansipansi. Ahedi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zamtedzazo sindiyankhapo," anatero. "Koma pansapatopo walakwitsa. Yolira ndi ya kumanzere."

"Pepani ahedi, ine ndimaimva kumanja."

"Kodi eti? Tiyeni timve tonse."

Anayenda kuchokera pakhomo kukafika pazenera, ana onse atatchera khutu ngati akumvera zotsatira za mayeso. Inalira ya kumanzere. Mnyamata wamtali uja ndiye anamasulira nkhaniyo: mtsikanayo amawaona ahedi akubwera moyang'anizana naye, choncho kumanzere kwawo ndi kumanja kwake. Mtsikanayo anakonza ndi cholembera pomwepo, akumwetulira.

Ahedi sanatuluke. Anakhala pakona pa tebulo langa n'kutiuza za tsiku loyamba kuvala nsapato, ali mnyamata kwawo ku Nambuma. Zinali za amalume awo, zazikulu, ndipo anaikamo masamba a nthochi ouma kuti zisavuke. Pofika kutchalitchi masambawo anali atatulukira kuchidendene, mbuzi ikuwatsatira pambuyo. Ana anaseka mpaka misozi. Belu litalira palibe anafuna kunyamuka.

Sabata yotsatira ndinawabwezera chimangirizo chija kuti alembenso. Ulendo uno ukwati wa ku Kabudula unali ndi fumbi lokwera mpaka m'mawondo, ndi azakhali ovina thumba la ufa lili pamutu. Mtsikana uja analemba za tsiku limene mvula inaboola denga la golosale, iye ndi bambo ake akuthamanga kusamutsa matumba a shuga, sopo yense akuchita thovu pansi. Ndinawerenga ndikumva fungo la sopoyo.

Tsiku lina ndinalowa m'golosalemo kukagula machesi. Bambo akewo, wandevu zoyamba imvi, anandizindikira.

"Ndinu aphunzitsi a Chichewa, eti? Mwatisinthira mwana. Kale ankangokhala duu. Pano madzulo aliwonse amatifotokozera makasitomala mmodzimmodzi, ife n'kumalota. Amayi ake chakudya chimawazizirira ndi kuseka."

Ndinafunsa ngati iwonso anawafotokozapo.

"Akuti ndikamayeza mpunga ndimatulutsa lilime," anatero akupukusa mutu. "Ndinakana. Dzulo ndadzigwira ndekha lilime lili panja."