Hedi ya Njinga ya a Pang'onopang'ono

Dzina loti a Pang'onopang'ono anawapatsa ndi anyamata a kabaza, chifukwa mumsewu wonse wa kuseri kwa msika munalibe njinga yamoto yoyenda mwaulemu ngati yawo. Ankati nkhuku imatha kuwapitirira, kukaikira dzira, n'kubwerera iwo asanakhote pakona. Eni akewo sankakwiya. Ankangokweza dzanja n'kunena kuti, "Thamangani ana inu, mudzatiuze ngati kumeneko akugawa mphoto."

Njingayo inali yakale kuposa ana awo onse. Anaigula ali mnyamata, pa nthawi imene ankayenda m'misika kukonza makina osokera. Kumbuyo ankamangako kabokosi kamatabwa kodzaza malamba, singano, timasipanala ndi kabotolo ka oyilo. Akazi awo anawapezanso ndi njinga yomweyo. Mayiwo anali telala wapakhonde la sitolo, ndipo makina awo ankangodula ulusi sabata ndi sabata. Mpaka lero amakana kuti sankachita dala, koma akamakana amayang'ana kumbali. Atalowa m'banja, mayiwo njingayo anaitcha mkazi mnzawo, poti inkagona pabalaza itafundidwa bulangeti, ndipo m'mawa inkapukutidwa anthu asanasambe kumaso.

Zaka zitapita, maso a bambowo anayamba kulephera kuona bowo la singano. Kabokosi kaja anakamasula, pamalo pake n'kumangapo pilo. Piloyo inali ya mayi, amene mawondo awo anali atatupa moti mwezi uliwonse ankayenera kukaonekera kuchipatala ndi kukatenga mankhwala. Munthu wa mawondo otere minibasi sakwera, sitepe ndi yaitali ndipo kondakitala sadikira. Kabaza mayiwo anayesa kamodzi, ndipo atatsika anati bola afere pakhomo. Choncho njinga yakaleyo ndiyo inali miyendo ya onse awiri.

Tsiku lina akuchokera kuchipatalako, pachitunda cha pafupi ndi sukulu, njinga inayamba kutsokomola ngati munthu wa chifuwa, oyilo n'kumayenderera pa injini. Makaniko wa pansi pa mtengo, amene anakula akuiona njingayo, anamasula mabawuti n'kupukusa mutu.

"Madala, hedi yang'ambika."

Hedi ndi chitsulo chovundikira injini pamwamba, pomwe pamalowa pulagi. Mng'alu wake unali wopyapyala ngati tsitsi, koma makanikoyo anati mphamvu yonse ya njinga imathawira pomwepo.

A Pang'onopang'ono anali ndi chizolowezi chimene anachiyamba akukonza makina osokera: chitsulo chilichonse asanachipereke m'manja mwa munthu wina, ankayamba achidinda. Choncho anapaka girizi wakuda kunsi kwa hediyo, anaikanikiza pa katoni, ndipo chithunzi chake chinatsala pomwepo. Kenako anabwereka kasizasi ka mayi n'kuboola malo a mabawuti anayi, ndiponso kabowo kakang'ono kodutsira oyilo, kamene kanali chakumbali. Atatero anapita nayo hediyo kwa wowotcherera. Mkulu ameneyo anazolowera mageti ndi mawilibala. Moto atauchulutsa, mbali yonse imene kunali kabowo ka oyilo inasungunuka ngati kandulo. Chimene chinatsala cha hediyo chinali katoni yokha.

Nkhaniyi inamupeza mwana wawo wamkulu, dalaivala wa lole, ndipo anabwera Lamlungu atanyamula shuga ndi sopo. Anakhala pampando moyang'anana ndi njinga yopanda mutuyo.

"Bambo, njingayi yagwira ntchito yake, ipume. Amayi sangamaphonye mankhwala chifukwa cha chitsulo. Likafika tsiku lawo la kuchipatala isanayende, ndibwera ndi galimoto, mudzakhale kwathu. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi."

"Chipinda chija mumasungamo matayala?"

"Matayala tichotsa, Bambo."

Mwanayo sankanena mwachipongwe, ndipo bambo ake ankadziwa zimenezo. N'chifukwa chake zinawapweteka kwambiri. Anayang'ana pakhonde pomwe panali makina a mayi, pomwe azimayi a mumsewuwo ankabwera kudzachepetsa mayunifomu a ana n'kuiwala kubwerera kwawo. Kunyumba kwa mwana, amene akanabwera kudzacheza ndani? M'mawa mwake anapisa katoni ija m'malaya, n'kuuyamba wapansi.

Kusitolo ya zipangizo za njinga, mtsikana wogulitsa anafufuza pafoni mpaka anaseka.

"Agogo, njinga yanuyi ngakhale foni sikuidziwa. Bwanji osangogula yatsopano?"

"Iwe agogo ako akadwala umakagula atsopano?"

Mtsikanayo anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, koma hedi analibe. Anayenda m'magaraja, anayenda kwa ogula zitsulo zakale. Paliponse ankatembenuza hedi chagada, kuikapo katoni yawo, n'kusuzumira m'mabowo. Ina inali yaikulu, ina ya mabawuti otalikirana, ina inali ya injini ya madzi. Madzulo ankafika pakhomo nsapato zili mbuu, mayi n'kuwafunsa kuti, "Mwampezera mutu mnzangayo?" Iwo ankangoti, "Mawa."

Amene anawapatsa nzeru ina anali makaniko uja. Anati hedi zotere ndi za chitsulo chopepuka chomwe amapangira mapoto, ndiye zambiri zimathera kwa osungunula. Kumapeto kwa tauni kunali mkulu wina amene ankasungunula zitsulo m'ng'anjo n'kuumba mapoto ndi zipande. A Pang'onopang'ono anamupeza atakhala pa chidebe, akupala poto watsopano.

"Fufuzani pamulupo, achikulire, koma mufulumire. Makala akangofika, zonsezo zikhala mapoto."

Anafukula mawilo ophwanyika, zigubu za injini, maketulo obooka. Chapansi penipeni anaona mapiko a chitsulo oziziritsa injini amene anawazindikira ngati nkhope ya m'bale. Inali hedi. Anaipukuta ndi mpango, anaitembenuza, anaikapo katoni. Bawuti yoyamba inagwirizana, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Koma kabowo ka oyilo, pa katoni kanali kumanja, pa hediyo kanali kumanzere. Anachotsa magalasi, anawapukuta, anayesanso. Chimodzimodzi.

"Yakana?" anafunsa wa mapoto.

"Ndi ya mng'ono wake wa njinga yanga. Magazi amodzi, koma si iyo."

Anaibwezera pamulu mosamala ngati akugoneka mwana.

Atafika kunyumba sanalowe m'nyumba. Anakhala pakhonde, katoni ili pamwendo. Mayi anali pa tebulo lawo akudula malaya a sukulu, choko ali kukhutu.

"Lero simukunena zoti mawa?"

"Mayi, yambani kulongedza. Ndinaipeza, zonse zinagwirizana, koma kabowo ka oyilo kali mbali ina. Njinga yopanda oyilo ipsa tisanafike pachitunda."

Mayiwo anapitiriza kudula mpaka anamaliza mkono wa malaya. Kenako anatenga chivundikiro cha poto chimene ankaikamo mapini, anakhuthula mapiniwo, n'kuchiika chagada patebulo.

"Iyi ndi hedi. Tandionetsani mmene mumaikira."

Bambowo anaika katoni pamwamba pake, mbali ya girizi itayang'ana kumwamba.

"Masiku onsewa mumaika chonchi?"

"Nanga ndiziona bwanji chithunzi? Komanso sindingamadetse katundu wa eni ndi girizi."

"Podinda paja, mbali imene inakhudza chitsulo ndi iti?"

"Yakudayi."

"Ndiye lero yakudayo ikuyang'ana kumwamba ikufuna mvula?"

Mayiwo anagwira katoniyo ndi zala ziwiri n'kuitembenuza. Kabowo kaja kanachoka kumanja n'kupita kumanzere. A Pang'onopang'ono anakayang'ana nthawi yaitali, pakamwa pali yasa.

"Atsikana onse amene ndinawaphunzitsa kusoka anayamba ndi kudula mikono iwiri ya kumanzere," anatero mayiwo. "Koma iwo anali ndi zifukwa, ankaganiza za anyamata. Inu mumaganiza za ndani?"

"Za inu, mayi."

"Bodza. Za mnzangayo."

Bambowo anali atavala kale chipewa. Mayi anawaimitsa, nawatuma kukhitchini kuti akatenge mapoto awiri akale a pansi pa shelefu, amene anaphikira ana onse.

"Munthu wa mapoto safuna nkhani, amafuna chitsulo. Mukampatse awa. Ndipo lero dzina lanulo mulisiye pakhomo pano."

Tsiku limenelo anyamata a kabaza anaona zachilendo: a Pang'onopang'ono anaimitsa mmodzi wa iwo, anakwera ndi thumba la mapoto, n'kumuuza kuti athamange. Atafika anapeza matumba a makala atatsitsidwa, ng'anjo ikufuka, ndipo mulu uja utachepa. Anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja onse awiri. Hedi panalibe.

"Mukufuna mng'ono wake uja?" Wa mapoto anadzuka pachidebe chimene anakhalira, n'kuchivundukula. Hediyo inali pansi pake. "Munthu wobwezera chitsulo pamulu mmene munachitira muja amabweranso. Ndakhala ndikuona anthu."

A Pang'onopang'ono anaikapo katoni, mbali yakuda pansi. Kuwala kunadutsa m'mabowo onse asanu. Wa mapoto anayeza mapoto a mayi m'manja, nawagogoda ndi chala, nati chitsulo chakale ndiye chabwino, asinthane basi.

Ntchito sinathere pomwepo. Phiko limodzi la hediyo linali lothyoka, mavavu otsegula ndi kutseka mpweya mkati mwake anali adzimbiri, ndipo gasiketi yotseka mpata pakati pa hedi ndi injini bambowo anachita kudula okha. Makaniko anapala mavavuwo mpaka zikhato zinatuluka matuza, bambowo ataima pambali akumuuza zochita, iye akuti, "Madala, kapena mugwire ndinu?" Njinga inalira, koma kikisitata yoponda poliza injini inali itafooka chifukwa chokhalitsa, moti inkafuna kukankha.

M'mawa wa tsiku la kuchipatala, mwana uja anafika ndi galimoto yobwereka ndi zingwe zomangira katundu. Anapeza amayi ake atakhala kale papilo, atavala nsapato zawo zoyendera, bambo ake akumanga lamba wa chipewa.

"Wafika bwino," anatero mayi. "Takankha."

"Amayi, galimoto ili apa. Bwanji ndikuperekezeni?"

"Kankha, mwanawe, mzere wa kuchipatala sudikira."

Dalaivalayo anavula jekete, anagwira kumbuyo kwa njinga, n'kukankha makolo ake kudutsa pageti. Injini inatsokomola kawiri, inamulavulira utsi pa thalauza, kenako inagwira n'kuyamba kulira bwinobwino. Anawatsatira ndi maso mpaka anakwera chitunda chonse osaima. Atatero anakunga zingwe zija n'kuziponya kumbuyo kwa galimoto, ndipo poti analibenso choti anyamule, analowa m'khitchini mwa amayi ake kukaona ngati munatsala tiyi.