Kanyale Kodziyatsa Kokha

Nchito ndinaipeza kudzela mwa amai Mwanza a kukwaya kwathu. Alongo ao, a Lungu, anali ndi shopu yotaipa ndi fotokope ku Nyimba, ndipo anafuna wosesa. Ine sukulu ndinalekela giledi seveni, ndili ndi mwana woyamwa, atate ake ali kumunda ku Kaumbwe. Ndikanakana bwanji?

M'mawa ndinali kusesa, kupukuta galasi la fotokope, kuika mapepala m'thileyi, kuyatsa inveta ya magetsi, kenaka kudina batani la kompyuta. Iyo ikudzuka, ine ndakhoma chitseko, ndikusintha bulauzi yonyowa ndi mkaka, pomwepo pamaso pake. Kwina kunalibe.

Tsiku lina ndinaona kanyale ka pafupi ndi kamela ya kompyutayo kayaka, ine osakhudza kanthu. M'mawa mwake, kayakanso.

A Lungu anangoti, "Amake Dalitso, makina amatelo."

Ndinawayang'ana. Kodi ndi iwo akundisuzumila pakamela? Kapena aphunzitsi aja obwela ndi fulashi yolowetsa m'kompyuta? Kapena kondakitala amene anandisekelela popanda chifukwa? Aliyense wolowa, ine kumukayikila.

Lolemba ndinakana kuyatsa. Anthu ali pamzele ndi mapepala ao, a Lungu akukalipa, ine ndagwila chingwe cha magetsi. Ndinati olo andichotse. Masana a Lungu anaitana a Daka, okonza makompyuta a ku Petauke.

A Daka anafufuza nthawi yaitali, kenaka anati, "Muno muli pulogalamu yonga kapitao. Mukayatsa, ndiye amadzutsa anzake, wa pulinta, wa netiweki. Wanuyu ngwakale, ali ndi chiboo, apudeti yotsekela chiboocho simunaike. Wina anakhala apa ngati kasitomala, n'kulowela pachiboopo, kumuuza kapitao kuti azidzutsanso kanthu kake, ndi mphamvu za mwini shopu. Kamajambula n'kutumiza."

"Kutumiza kuti, bambo?" ndinafunsa.

"Pamenepo sindingadziwe, amai."

Ndinaganiza za alamu anga ku Kaumbwe, ndi mafoni ao amene zithunzi zimafikako msanga kuposa minibasi.

A Daka anafafaniza zonse, naika zatsopano. A Lungu anayang'ana pansi, nati, "Pepani." Woikayo sitinamudziwe.

Ndikali panchitopo. Mpaka lelo chithunzi sichinatuluke, koma amuna anga akayang'ana foni n'kukhala chete, ndimangoti basi, chafika. Ndinaphunzila kuti makina samvela amene wawayatsa, amamvela amene wanong'oneza kapitao. Ndiye kasitomala akakhala pakompyuta, kaya ndi abusa, ndimaima kumbuyo kwake, maso pa zala zake, mpaka anyamuke.