Ndinamuseketsa Mkwatibwi

Ukwati woyamba kujambula unali wa msuweni wanga Esinati, ku Mtakataka, ndi kamera yobwereka. Kwathu kuno mkwatibwi amakhala chowerama, osaseka, kulemekeza apongozi. Koma ine ndinkaona zithunzi zikutuluka ngati za pamaliro. Ndiye ndinanyonyomala patsogolo pake n'kuyamba kutsanzira mmene abusa athu amatsokomolera asanalalikire. Esinati anaphulika nako kuseka, mano onse pamtunda, ine n'kujambula.

Anamkungwi amene anamulangiza anafika msangamsanga. "Iwe Esinati, apongozi ako akukuona! Chakuseketsa n'chiyani?"

Esinati anandiyang'ana. Ine ndinali kalikiliki kupukuta galasi la kamera, loyera kale.

Lero chithunzicho chili pakhoma kwa apongozi omwewo. Akamachiyamikira ndimafulumira kunena kuti ndinajambula ndine. Zinazo sindinaululebe.