Dzina la mng'ono wanga pa webusaiti ya mpingo

Webusaiti ya mpingo wathu ndinaimanga ndine, ndi manja angawa, ndipo palibe amene anandikakamiza. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ena akamafotokoza nkhaniyi amafuna kundimvera chisoni, amati akulu a mpingo ndiwo anandigwiritsa ntchito. Ayi ndithu. Ndinaimika dzanja ndekha pa msonkhano, mano onse pamtunda.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa ofesi ina m'tauni muno mu Chipata, ndipo kuntchito anali atangotitumiza ku maphunziro a kamangidwe ka mawebusaiti. Ndinabwerako mutu utakula. Malemu atate anali mphunzitsi wa ku mishoni, munthu woti ngakhale kalata yopita kwa mlamu wawo ankayamba ailemba papepala lina kenako n'kuikopera bwinobwino. Pakhomo pathu kudziwa kulemba unali ulemu. Ndiye ine nditaphunzira kulemba zoti dziko lonse liwerenge, ndinkayenda ngati pansi sindikupondapo.

Tsiku la msonkhano uja abusa anadandaula kuti ana a mpingo amene anapita ku Lusaka, ku migodi, ena kunja kwa dziko, sadziwa zomwe zikuchitika kwawo. Maliro amamva mwezi utatha. Ine ndinaimirira.

"Abusa, zimenezo n'zazing'ono. Ndipatseni masabata atatu basi."

Ndinaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse, ndisaname. Loweruka lililonse masana ndinkakhala pakhonde ndi laputopu, malaiti akapita ndinkathamangira kwa mnzanga wa sola. Zonse zimene anatiphunzitsa ndinazitsata. Zithunzi ndinkazichepetsa kuti zisadye mabandulo a anthu, chifukwa ambiri amatsegula pa foni. Nthawi ya mapemphero ndinaiika pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu zoti ndi okalamba omwe aone. Ndinalemba njira yofikira pa tchalitchi kuchokera pamsewu waukulu, kuti mlendo akatsika minibasi asasochere. Pasiwedi ndinaipereka kwa anthu awiri, ine ndi mlembi wa mpingo. Ndipo mwezi uliwonse ukatha ndinkakopera webusaiti yonse pa fulashi n'kukaisunga m'kabati ya ku vesitile, momwe mumakhala zikho za mgonero. Ndinalembanso kapepala kofotokoza mmene munthu angabwezeretsere zonse zikafufutika, n'kukamangirira ku fulashiyo ndi labala. Ndinkati, ndikadzafa mawa ntchito ya Mulungu isadzaime.

Mlembi wa mpingo anali mphunzitsi wamkulu wopuma, mnzawo wa atate kuyambira ku koleji. Tayi savula ngakhale dzuwa la Okutobala. Lamulungu lililonse, ulaliki usanayambe, ankaimirira kutsogolo ndi pepala lawo n'kuwerenga zolengeza: maliro, maukwati, dera limene lisese tchalitchi, tsiku la msonkhano wa amayi. Kumapeto ankatsokomola pang'ono, n'kutsitsa mawu, n'kutchula odulidwa. Kwathu munthu akalakwa, akulu amamuitana, amakamba naye, kenako amamuimitsa kudya mgonero, ndipo dzina lake limawerengedwa pamaso pa mpingo pamodzi ndi lamulo limene walakwira. Anthu amawerama, wina amanong'oneza mnzake, nyimbo imayamba. Pofika Lachitatu nkhani yazizira. Ndi mmene tinakulira, ndipo sindinaonepo chachilendo.

Akulu anagwirizana kuti zolengeza ziziikidwa pa webusaiti sabata iliyonse, monga momwe mlembi wazilembera, osachotsa kanthu. Poyamba ndinkangojambula pepalalo n'kuika chithunzi. Koma nzeru zanga zija zinandiyabwa. Ku maphunziro anatiuza kuti malo ofufuzira zinthu pa intaneti sawerenga bwino zolemba pamanja za pachithunzi. Ukafuna kuti anthu akupeze, uzitaipa mawuwo. Ndiye ndinayamba kutaipa, Lolemba lililonse pa nthawi ya nkhomaliro, liwu ndi liwu. Zinagwira ntchito, abale! Mayi wina wa ku Ndola anaimba foni kuthokoza kuti anangolemba dzina la malume ake n'kupeza tsiku la maliro. Abusa ananditchula pa guwa. Ndinamva kukoma.

Odulidwa nawonso ndinkawataipa. Mwana wa mayi wogulitsa tomato ku msika, mtsikana wina wa kwaya, mkazi wa telala uja. Ndinkangotaipa, osaganiza kawiri.

Mng'ono wanga ndiye chitsirizira m'banja mwathu. Makolo atamwalira ankakhala ndi ine, ndipo nthawi imeneyo anali ku koleji ya uphunzitsi. Wofatsa, wosayankha mwano, wokonda ana mpaka ana a oyandikana nawo nyumba ankamutcha aticha asanagwireko choko. Chaka chake chachiwiri anatenga mimba. Mwini mimbayo ankapemphera mpingo wina, ndiye akulu athu analibe naye mphamvu. Anakwera basi ya ku Lusaka ndipo dzina lake silinalembedwe pena paliponse.

Lamulungu limene anawerenga dzina la mng'ono wanga ndinakhala naye pa benchi imodzi, nditamugwira dzanja. Mlembi anatsokomola, anatchula maina ake onse atatu, anati walakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri. Mng'ono wanga sanalire. Titatuluka, mlembi anandipeza kuseri kwa vesitile n'kundipatsa pepala lija monga mwa nthawi zonse.

"Bambo mlembi," ndinatero, "mzere womalizawu ndiusiye."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana monga ankayang'anira ana ochedwa kusukulu.

"Mwana wanga, ana a anzanu munawalemba onse. Wanuyu ndiye wasiyana pati? Atate anu akanakhala moyo sakanapempha zimenezi."

Ndinalandira pepalalo. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ankanena zoona. Ndikanayenera kuwauza kuti ndinalakwa kulemba onse aja, ndikawachotse onse lero lomwe. Koma ine ndinaopa kuti anthu aziti kalaliki uja ndi wokondera. Ndinafuna kuoneka wolungama, mwana wa aphunzitsi. Lolemba masana ndinatsegula kompyuta, ndinataipa maina atatu aja, ndinaonanso kawiri kuti ndisalakwitse chilembo, ndinatumiza. Kenako ndinadya chinangwa changa. Kunyumba mng'ono wanga sindinamuuze, iyenso sanafunse. Webusaiti sankaitsegula n'komwe.

Mwana anabadwa, wamkazi. Mng'ono wanga analowa kalasi ya obwerera, Loweruka lililonse m'mawa, mwana ali kumbuyo, osajombako. Miyezi yake itakwana, pa Lamulungu la mgonero, abusa anamuitanira kutsogolo pamodzi ndi ena awiri, anawafunsa mafunso, anawagwira chanza, mpingo wonse unaimirira n'kuimba. Amayi a chigwirizano anamukumbatira panja. Ine ndinalira ngati mwana. Ndinati zatha.

Pano ndi pamene pali fupa lake. Kudula munthu amawerenga ndi mlembi, papepala la zolengeza. Kubwezera munthu amachita ndi abusa, ndi pakamwa, m'kati mwa mapemphero, ndipo papepala lija sipalembedwa kanthu. Ine ndinkataipa za papepala zokha. Choncho pa webusaiti yanga yokongola ija munali kugwa kwa aliyense, kudzuka munalibe ngakhale kwa mmodzi. Zaka zonsezo, ine wamaphunziro, sindinazione.

Mng'ono wanga anabwerera ku koleji, anamaliza, anakhoza bwino. Ntchito za boma zinkachedwa, ndiye atamva kuti sukulu ina ya mishoni cha ku Chipangali ikufuna mphunzitsi wa ana aang'ono anakayesa. Anamukonda. Anamuonetsa ngakhale kanyumba kamene azikakhala, anati abwere sukulu ikamatsegulira. Tinagula matiresi, mapoto awiri, ndowa. Ankaimba posesa, munthu amene anali atasiya kuimba kalekale.

Kutatsala sabata imodzi anatulukira ku ofesi kwanga m'mawa, zimene sankachita. Sanapereke moni kwa anzanga. Anaika foni patebulo panga.

"Asisi, werengani."

Anali atalemba dzina lake pa malo ofufuzira. Chinthu choyamba, pamwamba penipeni, inali webusaiti ya mpingo wathu: maina ake atatu, ndi lamulo lachisanu ndi chiwiri. Mmodzi wa komiti ya sukulu ija anali atachita zomwezo pa foni yake. Za mwana anali atawauza yekha pa tsiku la mafunso, sanabise. Koma iwo anati sangapereke ana kwa munthu amene mpingo wake womwe ukunena kuti ndi wodulidwa. Anawauza kuti anabwezeredwa kalekale. Anamuyankha kuti iwo akuona zimene zalembedwa.

"Analemba ndani?" anandifunsa.

Ankadziwa. Ankangofuna ndinene ndi pakamwa panga.

"Ndine."

"Tsiku lija munandigwira dzanja lija?"

"Mawa lake."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatenga foni yake.

"A mlembi anawerenga kamodzi, asisi, anthu anaiwala. Inu mwakhala mukuwerenga tsiku ndi tsiku, ine ndikukuphikirani."

Atatuluka ndinafufuta tsamba lija ola lomwelo, ndi masamba ena onse okhala ndi maina a odulidwa. Koma malo ofufuzira saiwala msanga. Dzina linapitiriza kuoneka kwa masabata. Ndinathamangira kwa abusa kuti alembe kalata yonena kuti anabwezeredwa. Anati ayambe akhala pansi ndi akulu. Akulu amakumana kamodzi pa mwezi. Kalata inatuluka, yosindikizidwa chidindo bwinobwino, sukulu itatsegulira kale ndipo m'kanyumba muja mutalowa wina.

Ndiye taonani zimene zinawadzutsa msanga akulu aja. Mlembi anaona kuti zolengeza zina zasowa pa webusaiti. Apo sanadikire mwezi. Anandiitana Lachinayi lomwelo, amuna asanu ndi atatu pa mabenchi, ine pampando pakati. Mlandu wanga unali wofufuta mbiri ya mpingo popanda chilolezo.

Mtima unandipsa. Ndinaiwala ulemu wonse umene atate anandiphunzitsa.

"Mbiri yake iti? Mbiri yodula pakati? Mwana uja munamubwezera nokha, munaimba nyimbo, zimenezo munazilemba pati?"

Mlembi anayankha mosakweza mawu kuti zobwezera zili m'buku lalikulu la mpingo, wofuna kuona abwere adzaone.

"Abwere kuchokera ku Chipangali kudzaona buku lili m'kabati yokhoma? Pamene kudulidwa kwake kuli m'thumba mwa aliyense? Ndipo amuna amene amapereka mimbazi maina awo ali kuti? Kapena atsikana athuwa amazitenga ku mpopi?"

Wina anati, "Mayi, muli pamaso pa akulu." Ndinati ndikuwaona. Ananditulutsa. Sabata yotsatira anandilembera kuti ntchito ya webusaiti ndaimitsidwa, ndipo aipereka kwa dikoni wina amene ali ndi kashopu kokonza mafoni.

Dikoniyo si munthu woipa. Anauzidwa kuti abwezeretse zimene zinasowa, iye n'kutsegula kabati ya ku vesitile. Anapeza fulashi yanga, ndi kapepala kanga komangirira ndi labala, kofotokoza choyamba chitani ichi, chachiwiri ichi. Anatsata bwinobwino. Atakumana nane ku msika anandiyamikira, mosadziwa, kuti malangizo anga ndi omveka kwambiri, sanavutike n'komwe. Pasiwedi anasintha tsiku lomwelo, monganso ndinalembera pa kapepalako.

Ndalemba makalata atatu kupempha kuti mainawo achotsedwe, kapena aonjezere mzere umodzi wokha wonena kuti anthuwa anabwezeredwa. Yankho limakhala lakuti nkhani yanga akuiona. Masiku ano odulidwa atsopano sawaikanso pa webusaiti, anasiya mwakachetechete osavomera kuti panali cholakwa. Koma akale aja akuti ndi mbiri, sangaikhudze. Mwana wa mayi wa tomato ali pomwepo, mkazi wa telala ali pomwepo. Ndikakumana nawo ndimayang'ana kumbali. Kutchalitchi kuja ndinasiya kupita, ndipo palibe amene anabwera kudzandifunsa.

Mng'ono wanga anatenga matiresi aja ndi mapoto n'kusamukira kwa azakhali athu cha ku Mtenguleni. Amalima mtedza. Sanafunsirenso ntchito ya uphunzitsi, akuti watopa kufotokoza. Sitinakangane, akanandilalatira bwenzi zili bwino. Ndikaimba foni amayankha mwaulemu, "Tili bwino asisi, kaya inu," kenako amapatsa mwana foni. Chaka chilichonse akakolola amatumiza kathumba ka mtedza pa minibasi, kondakitala amandiimbira kuti ndikatenge pa siteshoni. Ndimapisa dzanja mpaka pansi kufunafuna kakalata. Mumakhala mtedza wokhawokha.

M'mawa uliwonse ndikafika ku ofesi, ndisanatsegule mafaelo, ndimalemba maina ake atatu pa malo ofufuzira, kuti mwina lero atsika, mwina pabwera china pamwamba pake. Tsamba limatseguka msangamsanga, ngakhale netiweki ikhale yovuta, zilembo zikuluzikulu, zosalakwika ngakhale chimodzi. Ndinaimanga bwino webusaiti ija.