Nkhanu Zobwereketsa za a Fanizo

A Fanizo a ku Biriwiri mukawafunsa zaka za ana awo, amayamba akanda m'mutu. Koma afunseni za nkhanu za pakasupe wa kudimba kwawo, mudzachita kutsanzika nokha njala itakupwetekani.

Kasupeyo anawasiyira ndi bambo awo, amene anabwerako ku Joni ndi jekete, chifuwa ndi lamulo limodzi: nkhanu yonyamula ana sigwidwa. Mkuluyo ankati nkhanu ndizo zimatsegula diso la kasupe, zikamakumba mauna awo madzi sasowa podzera. A Fanizo analisunga lamulolo kuposa a kutchalitchi. Okutobala akafika, madimba a anzawo atauma gwaa, iwo ankangotunga ndi keni, kabichi wawo n'kumakatsika pa Lizulu mitu ngati ya makhansala. Akazi awo, a Dailes, ankauza amayi anzawo kuti analowa mitala ndi nkhanu, ndipo wamkulu pabanjapo si iwo.

Kuzidziwa kokha ankazidziwadi. Ankagwira yaikazi, kuigadamitsa, kutsegula pang'ono chivindikiro cha pamimba, n'kukuonetsani tiana tili nyakanyaka, kalikonse ndi timaso take takuda. Ankati kamwanako kamamva phazi la munthu m'matope maso asanaone kanthu, ndipo tinyanga ta pankhope ndiye mphuno yake. Akamaliza ankaibwezera pa una womwe aichotsa, ngati akutula mwana wa mfumu.

Ndiye kunabwera Cyprian, mwana wa mlongo wawo, yemwe ankamukweza pakaliyala kupita naye kusukulu kalelo. Tsopano anali bambo wandevu zake, wophunzitsa kukoleji, chikwama cha kumsana ngati msilikali. Anafotokoza kuti akufufuza maso ndi tinyanga ta ana a nkhanu, kuti adziwe ngati nkhanu za kumapiri kuno zili pachibale ndi za m'nyanja zamchere, ndiponso kuti zinasiyana pati. Ankati chibale cha nkhanu chimaonekera pa tiana, monga mmene mwana wakhanda amaululira bambo wake ndi makutu. Apa a Fanizo anaseka mpaka kutsokomola. Zaka zonsezi anthu akuwanena misala, lero koleji yabwera yokha kudzagwada pakasupe pawo.

"Ndingobwereka, malume," anatero Cyprian. "Tikaziona ndidzabweza."

Kuno munthu akabwereka thadzi kuti limufungatire mazira, thadzilo limabwerera kwa mwini wake lili moyo, nthawi zina ndi mwanapiye wothokozera. A Fanizo anamva choncho. Anavula nsapato, kulowa m'matope, kusankha okha zazikazi zonse zonyamula ana, zonenepa, zija ankazidziwa ndi mauna awo. Mundowa anayalamo udzu wonyowa ndi dothi la pakasupe pomwepo kuti zisakapukwe. Anaperekeza Cyprian mpaka pamsewu, akumulangiza kuti aziwaza madzi minibasi ikaima, ndipo asalole kondakitala kuikapo thumba la mbatata.

A Dailes anangofunsa kuti lamulo la apongozi awo lija lapita kuti. Anayankhidwa kuti kubwereketsa si kugwira.

Cyprian anabweradi, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Ndowa ija inali mbee, yotsuka bwino. M'katoni munali timabotolo ta spiriti, kalikonse ndi kapepala kake. M'menemo munali amayi aja, atayera ngati chinangwa chosenda, zivindikiro za pamimba zili yasa, mopanda mwana ndi mmodzi yemwe. Anati zina zatsala kukoleji. Kenaka anatulutsa foni n'kuwaonetsa diso la kamwana ka nkhanu, litakuzidwa ndi makina mpaka kufanana ndi chisa cha njuchi. Iye nkhope ili ngwee, kudikira kuyamikidwa.

A Fanizo anayang'ana disolo nthawi yaitali. Anafunsa chapansipansi kuti mwini wake wa disoli ali kuti.

"Zamoyo sizionedwa pamakina, malume. Zimayendayenda."

"Unkadziwa zimenezi tsiku lija ndikuyala udzu mundowa?"

Cyprian anayamba kuyang'ana nsapato zake. A Fanizo sanakalipe, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Ananyamula katoni, kupita nayo kudimba, kukakwirira botolo lililonse m'mbali mwa kasupe. Pobwerako anapeza mlendo atapita, tiyi wake atazizira pampando.

Okutobala wa chaka chimenecho kasupe anauma. Anthu ophunzira akuti mvula inavuta dziko lonse, ngakhale ku Kasinje zitsime zinaphwa. Kawauzeni a Fanizo zimenezo ngati mukufuna kuthamangitsidwa ndi khasu. Kabichi anapserera ali m'mabedi, ndipo pa Lizulu malo awo akugulitsirapo munthu wa tomato.

Masiku ano mukakumana nawo m'mawa atanyamula ndowa ija, akuchokera m'makwawa a kumalire kukapempha nkhanu kwa mitsinje ya eni, imodziimodzi. Akuti ziwiri zakhazikika, zayamba kukumba. Mlongo wawo anabwera sabata yatha ndi uthenga woti Cyprian akufunanso zina, ntchito ija yakondweretsa akuluakulu. A Fanizo anakhala pa ndowayo, m'kati mukumveka kwalakwala.

"Kamuuzeni kuti ku Biriwiri kulibe nkhanu," anatero.