Milomo ya Mohanavalli, Mawu a Visalam

Ku Kodambakkam, dera la opanga mafilimu mumzinda wa Chennai, aliyense ankawadziwa mawu a mayi Visalam, ngakhale agalu, koma kunja kwa ntchito nkhope yawo inkadziwika kwa anthu atatu okha: wogulitsa maluwa pangodya, dokotala wa mano, ndi amuna awo a Chokkalingam, amenenso anasiya kuona kalekale chifukwa cha matenda a shuga. Nkhope imene dziko linkagwadira inali ya Mohanavalli, mfumukazi ya kanema ija imene ikangotsinzina diso limodzi, anyamata a maboma asanu ankagona ndi malungo. Zithunzi zake zamatabwa zinkatalika moti ndege zinkachita kuzilambalala, ndipo mkaka umene omukonda ankathira pa zithunzizo ukanalera ana onse a mu Chennai mpaka kumera ndevu.

Vuto linali lilime. Mohanavalli anabadwira kwa olankhula Chitelugu, ndipo Chitamil chake chinkayenda ndi ndodo. Akati “ndimakukonda” zinkamveka ngati akunenerera mabilinganya pamsika. Choncho pojambula ankangomuuza kuti, “Amma, inu muzingowerenga wani, thuu, firii, misozi ili m'maso. Zinazo tikonza.” Okonzawo anali a Visalam. Ankaima m'kachipinda kopanda zenera, mahedifoni kumutu, maso ali pa milomo ya mnzawo pansalu yoonetsera, n'kumaika mawu m'kamwa mwa mwini nkhope. Anatero zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Mawu okomawo sanabadwe nawo. Ku Tirunelveli kwawo ankalankhula ngati khwangwala wachimfine, moti akaitana ng'ombe zinkabwera za eni. Mawu a uchi aja anachita kuwasula okha pa ntchitoyi, ndipo tsiku lina anaiwala kuwavula poweruka. A Chokkalingam anawapeza atawavala kale. Maso atafa, bamboyo anatsala ndi makutu basi: mkazi wake anali mawu amene ankati “Inu, khofi wazizira” m'mawa uliwonse. Ankangoti “inu”, poti mkazi woleredwa bwino satchula dzina la mwamuna wake ngakhale nyumba ikupsa.

Kuwerenga manambala kunamutopetsa Mohanavalli m'chaka chachiwiri chomwe, ndipo anayamba kucheza. Kamera ikamuyandikira, iye akulira pamapazi a mwamuna wa m'filimu, milomo inkanena zake m'Chitamil chotsimphina chija: “Akka, bamboyu wadya adyo wa mudzi wonse.” Ankawatcha Akka, monga mng'ono aitanira mkulu wake, ngakhale maso ndi maso anaonana kawiri kokha. Milomo imeneyo ankatha kuiwerenga ndi a Visalam okha, ndipo nthawi zambiri ankadziluma tsaya kuti asaseke pakati pa maliro.

Mohanavalli anamwalira m'mwezi wa Meyi, dzuwa likusungunula phula pamsewu. Filimu yake yomaliza inali itajambulidwa yonse, kungotsala kachigawo kamodzi kopanda mawu. Atatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi a maliro, a Visalam anaitanidwa masana, nthawi ya chakudya isanakwane.

Pa makina panali Velayudham, mdala wa dazi amene anakalamba nawo limodzi m'kachipindako.

“Amma, mzere umodzi wokha,” anatero kuseri kwa galasi. “Mukaulakwitsa kawiri ndikauza anthu kuti mwakalamba.”

“Iwe Velu, tsitsi lako linathawa ine ndisanalakwitsepo. Yatsa.”

Papepala panalembedwa kuti: Ndikupita, musandilire, ndafika kwathu. Nkhope inatulukira pansalu, yayikulu ngati khoma la kachisi, maluwa oyera kutsitsi. A Visalam anakoka mpweya, n'kuyang'ana milomo.

Milomo inati, “Akka, kuno sakundimva.”

Mzere uja unawadutsa a Visalam.

“Mwaphonya, Amma,” anatero Velayudham akuseka. “Kamodzi ako. Ndikubwezanso.”

Anabweza. Nkhope yomweyo, msozi womwewo ukutsika tsaya lamanzere. Koma milomo inati, “Ndikatsegula pakamwa pangotuluka wani, thuu, firii. Akundiseka, Akka.”

“Velu, wasintha filimu?”

“Ndisinthe ndi chiyani, ndi mano? Ndi kachidutswa komweko, masekondi asanu ndi anayi.”

“Ukuona akunena chiyani?”

“Amene amanena nthawi zonse, manambala. Amma, mwadya m'mawa?”

M'kachipindamo munazizira ngati m'chitsime, ndipo munayamba kumveka fungo la maluwa ofota. A Visalam anagwira mahedifoni ndi manja onse awiri. Kachitatu milomo inayenda pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mwana wopempha ndiwo kwa anansi.

“Mawuwo ndi anga, Akka. Anthu onse amati ndi anga. Mukamaliza mzerewu ndiwatenga.”

Apo a Visalam anaganiza za bambo amene anamusiya pampando wa nsungwi pafupi ndi chitseko, khutu litatchera kumsewu. Mawuwa akapita, adzamudziwa ndi chiyani mkazi wake? Koma anayang'ananso nkhope ija. Zaka zonsezi sanaisiyepo pakamwa pululu, ngakhale tsiku limene anachotsedwa dzino, ngakhale sabata imene anaika mayi awo m'manda. Kuisiya lero, anthu mamiliyoni adzaone Mohanavalli akutsanzika ngati nsomba?

Ndiye anachita zimene amachita munthu wochenjera pamsika: anaganiza zopereka theka. Adzanena mzerewo, koma liwu lomaliza adzalimeza. Mzere wosatha si mzere.

“Bweza, Velu.”

Anayamba bwino, mawu akutsetsereka ngati mafuta a nkokonati. “Ndikupita, musandilire, ndafika...” Pomwepo anatseka pakamwa, mano gwa, mpaka nsagwada zinawawa.

Velayudham anaimirira kuseri kwa galasi akupukuta maso ndi kansalu ka paphewa. “Amma! Zaka zonsezi simunanenepo chonchi. Tamverani nokha.”

Anaseweretsa zimene anajambula. Mawu anadzaza kachipinda: Ndikupita, musandilire, ndafika kwathu. Liwu lomaliza linalipo, lathunthu, lokoma kuposa ena onse, ndipo pansalu Mohanavalli anamwetulira kumwetulira kumene a Visalam sanakuone maulendo atatu oyamba aja.

Sanatsanzike. Anatuluka panja dzuwa lili paliwombo, n'kuimitsa kagalimoto ka matayala atatu. Atatchula dzina la msewu wawo, woyendetsa anatembenuka kufuna kuona agogo aamuna amene akwera. Anali khwangwala wa ku Tirunelveli uja, atakalamba zaka makumi atatu mumdima osatulukako.

Njira yonse anayeserera chapansipansi. Anatsokomola, anameza malovu, anayesa kukweza mawu kuti apyapyale. Zinkangotuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

Anakwera masitepe, nagogoda monga amagogodera masiku onse, kawiri.

“Ndani?” anafunsa a Chokkalingam mkatimo.

“Ndine. Tsegulani, inu.”

Mpando wa nsungwi unalira.

“Amayi, ngati mukugulitsa zofukiza, tili nazo. Pitani khomo linalo.”

“Inu, ndine Visalam! Mawu angondithawa kuntchito. Tsegulani ndikufotokozereni.”

“Mkazi wanga ndimamudziwa, mayi. Musasewere ndi munthu wosaona, ndi tchimo.”

A Visalam anamenya chitseko ndi zikhato, zibangili zikulira, ndipo pakamwa panatuluka chimene sichinatulukepo chikwatiwire.

“Chokkalingam! Chokkalingam, tsegula!”

Anazindikira kulakwa kwawo dzinalo lisanathe kumveka m'masitepe. Mkatimo munamveka mpiringidzo wachitsulo ukulowa m'malo mwake, kenako wachiwiri wa m'munsi.

“Tsopano ndatsimikiza,” anatero bamboyo. “Visalam sangatchule dzina langa ngakhale mutamuika mpeni pakhosi. Chokani, ndisanaitane anthu.”

A Visalam anatsamira chipumi pachitseko chotentha. M'nyumbamo munalibe wailesi yoyatsa, ankadziwa, poti anazimitsa okha pochoka. Komabe kuchokera kukhitchini, pakati pa kulira kwa makapu achitsulo, kunamveka mawu a uchi, odekha, ozolowera nyumba.

“Inu, ndani ali pakhomoyo?”

“Palibe,” anayankha a Chokkalingam. “Wamisala wina chabe.”