Dzanja Limene Tinakwirira

Dzulo ndinadutsa pomwe amameta ndevu, fungo la sopo n'kundibwezera ku Kanyama, pakhonde pathu.

Fakitale yomwe ankagwirako ntchito itagulitsidwa, atate anapeza ganyu pachigayo, ndipo lamba anawadula mkono wamanja. Ife ndife Asilamu, chiwalo sititaya. Ashehe anaukulunga m'nsalu yoyera, amuna n'kukaukwirira kumanda ngati maliro.

Ntchito yowapukuta atate akameta inagwera ine. M'mawa wina ndikudutsitsa kansalu konyowa patsaya lawo, anadzidzimuka.

"Siyatu, wanigwira chala."

"Chala chiti, batata?"

"Chikulu. Manje manzi yayenda pakati pa vala."

Ankanena za madzi pakati pa zala, akuyang'ana m'mwamba mwa bondo lawo, pomwe panalibe kanthu. Ndinaponya kansalu n'kuthawa. Ndinkaona dzanja lija lili maso pansi pa dothi, likufunyulula nsalu, likundidikira. Mvula ikagwa ndinkati likunyowa, nyerere zikadutsa ndinkati zikupita komweko.

Amayi anandikalipira kuti ndisauze munthu, poopa kuti aneba azitinena za ufiti. Koma atate ankandiitanabe, mawu ali pansi.

"Bwela, mwana wanga. Pamene apo."

Ndinkapita. Ndikakhudza tsaya, iwo ankatsinzina, chitsa cha mkono chikugwedera.

Atate atamwalira kale, dokotala wina anandiuza kuti mu ubongo malo omvera nkhope ndi oyandikana ndi a dzanja, ndipo dzanja likachoka, tsaya limalowa m'malo mwake. Atate sankafuna kupukutidwa. Ankafuna mwana wawo awagwire dzanja.